Chala cha Bwana Kaphwiti

Pa polisi ina padali mayi Tiferanji, amene ntchito yawo idali kulowetsa milandu mu kompyuta. Tsiku lina mkulu wa polisiyo, Bwana Kaphwiti, adalowa mu ofesi yawo natseka chitseko.

"Mlamu wanga Dafuleni mwamulemba kuti adaba njinga. Fufutani dzinalo, apo ayi ntchito yatha."

Mayi Tiferanji adaona kuti kukana ndi ulova, kufufuta ndi ndende.

"Zosavuta, bwana," adatero akusendeza kamakina kojambulira zala. "Koma kompyuta sifufuta popanda chala cha wamkulu. Dindani apa."

Bwana adapinda mkono wa malaya natambasula chala chachikulu.

"Kungoti imachedwako pang'ono," mayiwo adapitiriza. "Imayamba yafananiza chalacho ndi zidindo za milandu yonse yosatha. Ngakhale zija tidazipeza pa loko wa chipinda cha katundu wolanda, tsiku lomwe adasowa matumba a feteleza, zili momwemo. Ikapeza mwini wake, imatumiza yokha kulikulu."

Chala chidaima m'malere.

"Dindanitu, bwana. Inu mungaope chiyani?"

"Mayi, ndimangokuyesani," adatero Bwana Kaphwiti atatsokomola. "Wakuba ndi wakuba, angakhale mlamu. Dzinalo lisiyeni!"

Adatuluka manja onse ali m'thumba, chitseko adachita kutsegula ndi chigongono.

Mayi Tiferanji adabwezera kamakina kaja pamwamba pa mafayilo. Kadafa chaka chatha, ankangopsinjira mapepala kuti asauluke.