Rauta ya M'kabati

Ku Chilomoni kunali mayi wina wosoka zovala. Kuchipinda chakumapeto kwa nyumba yake kunkagona amayi ake okalamba, amene anafa ziwalo mbali imodzi, moti sankadzuka pabedi. Mwana wamkazi wa telalayo, Tinenenji, ankakhala ku Joni, ndipo anali atangobereka kumene. Agogowo mawu awo anali amodzi tsiku lililonse: "Ndichione chidzukulutuvi changa maso asanatsekeke."

Tinenenji anatumiza rauta, kabokosi kogawa netiweki m'nyumba, kuti azionana pafoni. Mayiyo anakalandira ndi manja awiri. Kenaka anachita zimene tonsefe timachita ndi chinthu chaulemu. Anakafunditsa kansalu koluka, anakaika m'kabati ya pabalaza kuseri kwa mbale za alendo, anatulutsira waya pakabowo kakumbuyo, n'kukiya.

Pabalaza netiweki inkagwira ndithu. Ukalowa mumpita, mizere ya pafoni inkatha umodziumodzi. Ukafika kwa agogo, zii. Nkhope ya Tinenenji inkangouma pagalasi, kukamwa kuli yasa. Mayiyo anakwera pampando, anatulutsa dzanja pawindo, anagwedeza foni ngati botolo la mankhwala. Ayi ndithu. Anayesa kuwanyamula agogo kupita nawo pabalaza, koma analira ndi ululu mpaka anawabwezera pabedi. Masabata awiri anatha, ndipo mawu a agogo anayamba kuchepa.

Nzeru zitamuthera, anaitana bambo wina wokonza mafoni kumsika.

"Kali kuti karautako, mayi?"

"Kali posungika," anatero, akutulutsa kiyi pachitenje.

Bamboyo ataona, anagwira pakamwa. "Kanapalamula chiyani kuti mukatsekere m'selo chonchi?"

"Fumbi, achimwene. Komanso ana a aneba, manja awo sakhala pansi."

"Aka si kapu ya alendo, mayi. Kamafuna pamwamba, poyera, pakati pa nyumba. Fumbi muzipukuta."

Mayiyo anaima kaye. Poyera kangagwe. Poyera kangabedwe. Nanga adzamuuza chiyani mwana wake? Ali mkati moganiza, anamva amayi ake akutsokomola kuchipinda kuja.

"Khomani msomaliwo," anatero. "Fulumirani."

Bamboyo anakhoma kathabwa mumpita, anaikapo rauta, n'kuwonjezera kabokosi kena kakang'ono pafupi ndi chitseko cha agogo, koti kazilandira netiweki n'kuipatsira mkati. Mizere inadzaza. Foni italira, khanda linaoneka bwinobwino likuyasamula. Agogo analiyang'ana nthawi yaitali, misozi ikutsikira m'khutu.

"Mphuno iyi ndi ya malemu bambo ako," anauza mayiyo, n'kubwezera maso pa khandalo. "Pepa mwanawe, uipirira."

Kunali kuseka ku Chilomoni, kunali kuseka ku Joni. Mayiyo anagwada pomwepo, pakati pa ulusi ndi zidutswa za nsalu, n'kuthokoza Mulungu.

Amayi anzanga, sindikuchedwetsani. Mulungu anatipatsa kale, ndipo sanatipatse chakufa. Koma Mawu ake tawafunditsa kansalu, tawakiyira m'kabati ya Lamulungu, ati kuwalemekeza. Ndiye tikudabwa kuti sakufika kukhitchini, sakufika pa benchi ya malonda, sakufika kuchipinda kumene timayankhana mwaukali ndi amuna athu. Timati Mulungu watitaya, pomwe kiyi ali pachitenje pathu.

Kusunga si kuthokoza. Tulutsani chimene munalandira, muchiike pamene aliyense wa m'nyumba angachifikire, ndi wodwala yemwe. Chidzada, inde. Mphatso imene munthu waiyamikira imadziwika ndi zala zimene zaidetsa.