Mpando Umodzi Pambali pa Amayi

Kalekale, pakuti chaka chimene anthu aika bambo awo chimatalika kuposa zaka zina zonse, pa boma la Mchinji panali bambo ena dzina lawo a Gwaza. Ntchito yawo inali yokumba mijigo m'midzi. Anali ndi galimoto ya makina okumbira, antchito owerengeka, ndi ofesi imodzi kuseri kwa msika. Ofesiyo inali chinyumba chachitali chogawidwa ndi matabwa opyapyala, tizipinda take tamdima ngati makola a nkhuku. Kachipinda ka kumapeto kanali ka a Gwaza. Akazi awo, a Nankhoma, ankakhala kunja kwa khomo la kachipindako, nkhope kuloza kwa amuna awo, ndipo chitseko sichinkatsekedwa. Iwo ndiwo ankayankha foni, ndipo ankadziwa mudzi uliwonse ndi komiti ya mjigo uliwonse. A Gwaza ankadziwa pamene pali madzi. A Nankhoma ankadziwa anthu.

A Gwaza anagwa ali kuntchito, ndipo sanadzukenso.

Pamaliro panadzaza. Analipo olira mokweza kuposa ana a malemu, analipo ofunsa ngati nyama yatha, ndipo analipo abambo aang'ono, mng'ono wawo wa malemu, amene misozi isanaume anali atafunsa kale kuti desiki la mlombwa la muofesi lija lipita kwa yani. Mwambo utatha onse anakung'untha fumbi, napita kwawo. Palibe anabweranso kudzaona ngati wamasiye wadya.

A Nankhoma anayesa kubwerera kuntchito. Anakhala pamalo pawo, anakweza maso, naona mpando wopanda munthu kupyola pakhomo paja. Ananyamuka, anakafika kunyumba, nagona choyang'ana kukhoma. Phala ankalibweza. Adokotala anawayeza nati m'thupi mulibe nthenda. Foni ya kuofesi inkangolira yokha.

Ana anali atatu. Lonjezo, woyamba, anaphunzira zojambula mapulani a nyumba ku Lilongwe. Ndaziona anali mphunzitsi wa pulayimale. Malizani, mzime, sukulu anailekera panjira nakwera galimoto ya makina ndi bambo ake. Iyeyu ndiye anali pambali pawo tsiku limene anagwa, ndipo chiyambire tsikulo aliyense amene ankapumabe ankamupsetsa mtima.

"Amayi akutha," anatero Ndaziona atatuwo atakumana pakhonde. "Chitenje akuchizunguliza kawiri tsopano."

"Vuto ndi ofesi ija," Lonjezo anayankha. "Inakonzedwera anthu awiri. Mmodzi wachoka, ndiye chilichonse mmenemo chikuloza pamene palibe munthu."

"Ndiye muiotche, achimwene," anatero Malizani. "Muotchere kumodzi ndi achibale anu."

"Iwe, achibalewo ndi akonso."

"Ine ndinawakana."

Lonjezo ndiye anayamba kuyesa kuwadzutsa amayi. Anayeza chinyumba chonse, najambula pulani pa kompyuta. Anaitana amisiri, nagwetsa matabwa onse, ndi kachipinda ka bambo ake komwe. Anaboola mawindo aakulu kukhoma loyang'ana kubwalo, anapaka penti yoyera, naika matailosi. Madesiki a antchito anawayala poyera kuti anthu azionana ndi kupatsirana mapepala osadzuka. Desiki la malemu ndi mpando wake anazikankhira m'chipinda chosungiramo mapaipi, nazifunditsa lona. Malizani ananyamula nawo matabwa akung'ung'udza, koma ngakhale iye anavomera chamumtima kuti tsopano munthu ankatha kuwerenga muofesimo masana osayatsa getsi.

Nkhani inawapeza a Nankhoma ali chigonere. "Wagwetsa chiyani?" Anadzuka, anamanga duku, nayenda wapansi mpaka kuofesi, mkwiyo ukuwapatsa mphamvu zimene phala linalephera kuwapatsa.

"Lonjezo, mwana wanga woyamba, unafunsa ndani?"

"Ndikanafunsa mukanakana, amayi."

"Ndikanakanadi!"

"Koma mwadzuka."

A Nankhoma anatsala pang'ono kumwetulira. Koma nthawi yomweyo panalowa amayi ena a komiti ya mjigo ochokera ku Mkanda. Anabwerera nkhani ya mjigo wawo woonongeka, koma kwathu kuno munthu sayamba za ntchito pamaso pa wamasiye asanapepese maliro, ndipo sapepesa ali chiimire. Amayiwo anayang'ana uku ndi uku, malo otsika osawaona. Anagwada pamatailosi pakati penipeni pa ofesi, nayamba kulira. A Nankhoma anagwada nawo. Antchito, pamadesiki awo apoyera aja, anasowa koloza maso. Wina anabisa nkhope kuseri kwa kompyuta. Pulani ya Lonjezo inali ndi malo a mafayilo, a pulinta, ngakhale a ketulo ya tiyi, koma inalibe malo olirira. A Nankhoma anabwerera kunyumba ndi manyazi, nalumbira kuti muofesimo sadzapondamonso.

Apo Ndaziona anatenga mpata. Iye sanagwetse kanthu. Anasankha ngodya ya pafupi ndi khomo la kumbuyo, naitchinga ndi mpanda wa bango wofika m'mapewa. Anayala mikeka, anaika benchi lalifupi lokhalapo abambo, ndi ndowa ya madzi akumwa. Anauza mlonda kuti aliyense wochokera kumudzi azimulowetsera kumbuyo. Kenaka anapita kwa amayi ake.

"Sindikukuitanirani ntchito ayi. Koma anthu akubwera kudzapepesa, n'kumabwerera osakuonani. Ayamba kunena kuti a Nankhoma anyada."

"Wanena zimenezo ndani?"

"Ndikakuuzani mukamumenya."

Palibe anali atanena, Ndaziona anangopeka. Koma m'mawa mwake a Nankhoma anali pamkeka. Anthu ankabwera, kugwada, kulira nawo, kenaka n'kuyamba kukumbutsana za malemu: mmene anatererera m'matope ku Kapiri atavala suti, mmene ankaimbira nyimbo za kutchalitchi mosokoneza mawu madzi akangotuluka. Wina ankabwera ndi chinangwa chophika, wina nthochi, ndipo munthu sangakane chakudya mlendo akumuyang'ana. Masaya anayamba kubwerera.

Koma mpanda wa bango uja sankaudutsa. Foni ikalira mbali inayo ankangotembenuza mutu. Makomiti ankafunsa kuti makina abwera liti, antchito osadziwa koyambira, galimoto ili chiimire pabwalo. Ngodya ya Ndaziona inawadyetsa amayi, koma inawasunga pamaliro.

"Wawamangira siwa yosatha," anatero Lonjezo.

"Inu munawamangira banki," Ndaziona anabweza.

Malizani analibe pulani iliyonse. Iye ankangotsuka galimoto yosapita kulikonse, n'kumakalipira aliyense womupatsa moni. Tsiku lina m'mawa anaona abambo aang'ono akulowa pageti ndi pikapu yobwereka.

"Mwana wanga, ndamva kuti desiki la achimwene likungotola fumbi m'mapaipi. Ndabwera kudzalisunga."

"Fumbi lake silikukuyetsemulitsani inu, bambo."

"Taonani mwanayu! Nanga poti palibe akuligwiritsa ntchito?"

"Alipo."

"Ndani?"

Malizani magazi anali atamukwera kale kumutu. Analowa, anavundukula lona, nakoka chidesikicho yekha, miyendo yake ikulira pamatailosi atsopano. Za amayi ake sanaganizeko, tisanamizane. Ankangofuna kuti munthu uja abwerere chimanjamanja. Analikokera poonekera kwambiri, pawindo lalikulu loyang'ana kubwalo, naika mpando kumbuyo kwake. Lonjezo anakuwa kuti pamenepo ndi podutsa anthu. Ndaziona anatulukira kuseri kwa bango akunong'ona mwaukali: "Ukufuna uwaphe amayi? Chimene chinawagonetsa si chomwechi?"

Koma a Nankhoma anali ataimirira kale, akuyang'ana pamwamba pa mpanda. Abambo aang'ono anasuzumira pakhomo.

"Alamu, ndimati ndikusungireni..."

Malizani, posowa pothawira, anawagwira amayi ake padzanja, anawadutsitsa mpanda uja, nawazungulitsa kumbuyo kwa desiki. "Akuligwiritsa ntchito ndi awa," anatero.

A Nankhoma anakhala. Zaka zonse zija desikilo ankaliona cha kutsogolo. Kumbuyo kwake anali asanakhaleko. Ali apo mpando wopanda munthu sunkaonekanso, pakuti anali ataukhalira. Anasisita thabwa pamene zigongono za amuna awo zinasalaza. Kenaka anakoka dilowa ya m'munsi. Inali yodzaza ndi timapepala ta masiwiti, ndi masiwiti ena osadya.

"Nkhalamba yabodza!" anafuula. "Munthu wodwala shuga! Ine kumuphikira tiyi wopanda kanthu zaka zonsezi, iye n'kumandimwetulira pakhomo siwiti ili m'tsaya!"

Anaseka mpaka misozi. Lonjezo ndi Ndaziona anaseka nawo, ndipo Malizani, amene pamanda sanagwetse msozi chifukwa cha mkwiyo, analira poyera ngati kamwana, amayi ake atamugwira malaya. Foni inalira padesiki la pafupi. A Nankhoma anatambasula dzanja osaganiza n'komwe.

"Patseni kuno. Halo? Eya, ndine. Uzani komiti isonkhanitse mchenga ndi njerwa, makina akubwera."

Pikapu inatuluka pageti yopanda kanthu.

Ntchito inayambanso. Lonjezo anasuntha madesiki ena kuti njira ipezeke, akudandaula kuti pulani yake yapindika. Ngodya ya bango inakhalabe, pakuti opepesa anali asanathe. A Nankhoma ankapitako, kulira nawo pang'ono, n'kubwerera padesiki. Galimoto ikamatuluka m'mawa ankaikwezera dzanja pawindo, Malizani n'kuimba hutala.

Tsiku lina anawaitana ana onse atatu.

"Bambo anu ntchitoyi sankaigwira okha, inenso sindingaithe ndekha. Lonjezo wayeza, akuti pambali panga pano pangakwane mpando umodzi basi, tikaonjezera titseka njira. Wokhala pamenepa azimva zonse zimene ndikukamba, adziwa midzi ndi anthu ake, ndipo ine ndikadzatsatira bambo anu, makiyi adzakhala ake. Ndikufuna pakhale amene anandibweza."

Onse atatu ankapafuna. Lonjezo anali wokonzeka kusiya Lilongwe, Ndaziona kusiya choko. Malizani naye anayang'anitsitsa kampata kaja.

"Ndikanapanda kugwetsa matabwa, bwenzi muli chigonere, amayi," anatero Lonjezo. "Ndipo windo limene mwakhalapoli ndinaboola ndine."

"Munadzukadi, koma munakagonanso," anatero Ndaziona. "Anakudyetsani ndani? Pakanapanda mkeka wanga, tsiku la desiki likanakupezani kunyumba."

Malizani anakanda kumutu. "Ine ndimangofuna kuwakhaulitsa abambo aang'ono. Koma pamene mwakhalapo ndinakukhazikanipo ndine."

A Nankhoma anayang'ana uyu, nayang'ana uyo, nayang'ananso winayo, ndipo pa aliyense ankaona nkhope ya mwamuna wawo.

Nkhaniyi musaitengere kwa achibale, pakuti iwo adzati mpandowo uyenera iwo. Iweruzeni inu amene mwaimva. Wina anawadzutsa, koma anawachititsa manyazi. Wina anawadyetsa, koma ndi bodza, ndipo akanawasunga pamkeka mpaka kalekale. Wina anawakhazika pantchito, koma asakudziwa chimene akuchita. Pambali pa amayi pali malo a mpando umodzi. Akhalepo ndani?