Nyumba Yosayankha Odi

Panali munthu wina ku Lilongwe, dalaivala wa pa kampani ya fodya, amene anamanga nyumba ndi ngongole ya ku banki. Inali ya zipinda zitatu, ya malata, ndipo mkazi wake, Nachisale, anabzala mapapaya pakhomo. Mwezi ndi mwezi banki inkadula gawo lake pa malipiro, iye osadandaula. Zaka zisanu ndi ziwiri zinadutsa chomwecho.

Kenako kampani inachepetsa antchito, ndipo iye anali m'gulu la ochotsedwa. Ankangodalira maganyu oyendetsa lole za mchenga, apo ndi apo, ndipo kangachepe kamene ankapeza kankathera mu ufa ndi fizi. Ku banki anasiya kulipira. Makalata anayamba kufika, koma iye sankawatsegula. Ankawaponya pamwamba pa kabati, ngati kuti ngongole imafa ikasowa woiwerenga.

Tsiku lina anaona mayi wina akutsika pa kabaza, envelopu ya banki ili m'manja. Anakoka mkazi wake kulowa m'nyumba, natseka chitseko.

"Kuyambira lero, pano palibe woyankha odi," anatero. "Tikayankha, nyumba yapita."

"Nanga anansi, abambo?"

"Anansinso. Odi salembedwa dzina."

Ndiye nyumba ija inasanduka bubu. Wodzabwereka khasu ankaodira mpaka kutopa. Amayi a kumpingo ankabwerera pa mapapaya paja akupukusa mitu. Ngakhale wodzanena uthenga wa maliro anaunenera pa zenera, nachoka akudabwa kuti anthu aulemu aja alowedwa chiyani. Mayi wa ku banki uja anabweranso kawiri. Bambo uja, munthu wamkulu wa ndevu zake, ankabisala kuseri kwa katani, akupuma pang'onopang'ono m'nyumba yomanga yekha. Anaonda, ndipo manyazi ankamudya kuposa njala.

Lachitatu lina mayi uja anafikanso, mvula itangoyamba. Wa kabaza anathawira pa grosale. Mayiyo anaima pabwalo, pakuti munthu woleredwa sakwera pa khonde la eni asanayankhidwe.

"Odi kuno!"

Zii.

"Odi, eni nyumba!"

Mvula inakula. Bambo uja anasuzumira pa katani. Anaona mayiyo atanyoweratu, nsapato zili m'matope, envelopu ataifunditsa chitenje kuti isanyowe, iye mwini akunjenjemera. Mumtima anati, nyumba imene ndikuiteteza ndi yotani, ngati munthu akuvumbwa pakhomo pake ine ndili m'kati? Ngati ikupita, ipite ndili munthu.

"Odini, mayi. Lowani."

Nachisale anamupatsa nsalu youma ndi tiyi. Mayiyo atamwa, anayang'ana mwini nyumba.

"Bambo, mwandiyendetsa. Kanayi konse! Makalata athu munawerenga?"

Bamboyo anangoloza pamwamba pa kabati.

"Ambuye anga," anatero mayiyo, akuseka mwachisoni. "Inetu sindine wolanda nyumba. Olanda sabwera pa kabaza, ndiponso saodira. Ine ndimakambirana ndi anthu amene ntchito yawathera. Mwalipira bwino zaka zisanu ndi ziwiri. Titha kukupumitsani miyezi itatu, n'kutalikitsa zaka, kuti ndalama yolipira pamwezi ichepe. Koma musaine lisanadutse Lachisanu lino. Likadutsa, nyumba yanu ilowa m'nyuzipepala kuti igulitsidwe, ndipo pamenepo manja anga adzakhala atafupika."

Bamboyo anawerenga zala: mawa, mkuja. Anakhala pansi penipeni pa simenti. Anatsitsa makalata aja, afumbi okhaokha, nawatsegula imodziimodzi. Kuyambira yachiwiri, iliyonse inkanena chimodzimodzi: bwerani tidzakambirane.

M'mawa mwake anapita ku banki ndi mkazi wake, nasaina. Ngongole sinathe, ayi, koma inafika pa msinkhu woti munthu n'kuisenza. Pobwerera, mtima unali utapepuka moti ankapereka moni ngakhale kwa anthu osawadziwa. Atafika, anatsegula chitseko n'kuchitsamiritsa ndi mwala. Madzulo ake mnansi atabwera kudzabwereka khasu, bamboyo anayankha odi wake asanathe n'kumutchula komwe.

Tsono inu amene mukundimvera, ena mwa inu muli ndi makalata pamwamba pa kabati, ndipo foni ikalira mumaitembenuza chafufumimba. Ngongole si ufiti kuti muibise, ndipo imakula bwino mumdima. Akulu anati wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Pitani mukalankhule ndi amene anakukongozani nthawi ikadalipo, mukawauze zoona, mukafunse njira zimene zilipo. Bambo uja anatsala ndi masiku awiri okha. Inu simukudziwa kuti mwatsala ndi angati, choncho odi akamveka, yankhani.