Chofunda Chofika M'miyendo

Tikadali ndi mano, ku Tenochtitlan, mzinda wa pakati pa nyanja, kunali nduna dzina lake Matlal. Mfumu inkangoyasamula, mawu otuluka anali a ndunayo. Ufumu Matlal anaukana, ati wopalasa bwato sakhala kutsogolo.

Ndimakumbuka nkhungu ya m'mawa panyanja, minda ya maluwa ili yandaa ngati maloto. Mu nkhungumo ndi momwe munkatulukira bwato la Tochin, mlimi amene anayamwa bere limodzi ndi Matlal, poti mayi ake ndiwo analera ndunayo. Ankabwera ndi chimanga chachiwisi, n'kumuseka.

"Achimwene, mimbayi mwabisamo mfumu yachiwiri kodi?"

"Choka iwe, chule wa m'matope!" Matlal ankaseka mpaka misozi.

Chaka china Matlal anaika lamulo. Munthu wamba asavale thonje, avale khonje, ndipo chofunda chake chisapitirire maondo. Wopitiriza afe, kupatula amene miyendo yake ili ndi zipsera za kunkhondo.

Tochin anapalasa kudzadandaula. "Achimwene, takalamba. Kumindaku mphepo ya m'mawa imaluma mafupa. Tiloleni ife madala tifunde miyendo."

Matlal anali pamphasa yofewa, mbaula ili pambali, chikho cha koko chikuchita thovu m'manja.

"Kuzizira kwake kuti? Ine sindikukumva. Ndikalola iwe, mawa wogulitsa tomato aliyense adzayenda ngati mwana wa mfumu."

"Chabwino, wamkulu," anatero Tochin. Sanasekenso. Bwato lake linamezedwa ndi nkhungu pang'onopang'ono.

Chisanu cha chaka chimenecho chinapsereza nyemba. Maondo a Tochin anatupa ngati maungu. Mkazi wake, pomva chisoni, anasokerera kansalu m'munsi mwa chofunda kuti azifunda kumunda. Tsiku la msika mkuluyo anaiwala kusintha.

Alonda anamugwira pakati pa ogulitsa tsabola. Anakweza chofunda kufuna zipsera, anangopeza ming'alu ya matope.

"Nkhondo yake iti imeneyi, madala? Ya achule?"

Oweruza a pamsika sankagoneka mlandu.

Uthenga unamupeza Matlal akusankha nthenga za chipewa cha mfumu. Anathamanga wopanda nsapato, munthu amene ankanyamulidwa pamachira. Mphepo ya panyanja inamumenya m'miyendo, ndipo anaima kaye, kudabwa kuti kunja kumazizira chonchi. Pofika anapeza Tochin ataphedwa kale, mkazi wake atakhala pansi, chofunda chili pamiyendo, akusomola ulusi wa kansalu kaja.

"Ndachotsa, wamkulu," anatero osamuyang'ana. "Tsopano chafika m'maondo. Mumuveke."

Matlal anakhalabe nduna mpaka imvi, mizinda ikunjenjemera ikamva dzina lake. Koma ife opalasa tinkamuona m'mawa uliwonse ali chilili padoko, miyendo ili pamtunda, akuyang'ana bwato lililonse lotuluka m'minda.

Ine za kusukulu sindidziwa, koma izi ndinaziona ndi maso angawa. Ukakwera pamsana pa njovu, usamati kunja kulibe mame.