Dyeratu ndi Nkhope ya Chizima

Ndiyambe ndi kulumbira: pali malemu amalume anga a Sitolo, mphezi inding'ambe pakati ngati ndinamepo liwu limodzi. Ana inu senderani kuno, akuluakulu lekani kukhosomola.

Kalekale, osati kale la mikondo ayi, kale la dzanadzanali, kuseri kwa msika wa m'tauni kunali chisakasa choonetseramo kanema cha a Mangulenje. Mazenera anatseka ndi mapulasitiki akuda, moti kunja dzuwa lili phwee, m'katimo muli bii. Anthu pamabenchi, nyama m'makona. Khoswe pansi pa benchi. Mphemvu m'ming'alu. Nalimata pakhoma, kuseri kwa TV, pamene pamafunda bwino. Pakhomo pankagona mphaka wa a Mangulenje, dzina lake Dyeratu, mimba ngati thumba la makala.

Masiku amenewo ankaonetsa kanema wa magawomagawo, masana alionse gawo limodzi. Munali munthu wovala chinsalu chakuda kumutu. Ankamutcha Chizima, chifukwa akangotulukira magetsi a mzinda wonse ankathima. Pakhoma la nyumba zosanja ankayenda ngati pamsewu. Zigawenga zinamudula dzanja, gawo lotsatira dzanja lilipo. Koma nkhope yake palibe anaionapo.

Ndiye anthu kukangana, nyama nazo kukangana. Khoswe ankati Chizima ndi kondakitala wa minibasi wa m'kanemamo, poti onse awiri amatsimphina mwendo wamanzere, ndipo ndani anawaonapo ali limodzi? Mphemvu ankati ayi, ndi mayi wogulitsa zitumbuwa wa m'kanema momwemo, poti magetsi akathima aliyense amakuwa, mayiyo amangotembenuza zitumbuwa zake. Nalimata naye anali ndi zake. Woyenda pakhoma, woduka chiwalo n'kumeranso, ameneyo munthu? Ameneyo ndi nalimata, mwinanso wa kuchimuna kwawo.

Panali pangano loti kanemayu asanathe, palibe kudyana. Dyeratu ankalisunga, osati chifukwa cha chifundo. Mutu wake unali wouma, kanema sankamumva popanda omufotokozera.

Tsiku lina a Mangulenje analengeza kuti mawa ndi gawo lomaliza, Chizima avula chinsalu. Anthu atatuluka, Dyeratu anaitana atatu aja, akunyambita phazi.

"Mawa pangano latha," anatero. "Wolosera molondola ndimusiya. Wolakwa ndimudya, mabenchi asanazizire."

Khoswe anafunsa mphakayo kuti nanga achimwene eniake akuti Chizima ndani. Dyeratu anati zake zili mumtima.

Kuthawa akanathawa, koma ndani angathawe gawo lomaliza? Khoswe anati kondakitala samugwiritsa mwala. Mphemvu anati iye afera pa zitumbuwa. Nalimata yekha anayamba kufunafuna nzeru ina. Pansi pamtima ankadziwa kuti anthu opanga kanema sapatsa nalimata udindo waukulu chotere. Ndipo kuseri kwa TV, pamwamba pa soketi, anali ataikira mazira awiri. Mazira a nalimata amamatirira kukhoma, sungawanyamule. Akadyedwa iye, ndani awalondera? Akathawa, Dyeratu awanyambita ngati mchere.

Mawa lake anthu anadzaza tho. Kanema anayamba. Nalimata anatsika khoma pang'onopang'ono mpaka anafika poyandikira khutu la mphaka.

Ananong'oneza kuti achimwene aluza ndiwo. Mmodzi mwa atatuwo akhoza kulondola, ndiye ameneyo apulumuka. Koma achimwene akatchula okha dzina chinsalu chisanavulidwe, ndani angatsutse kuti apambana onse atatu?

Khutu la Dyeratu linaima njo.

"Ndilidziwa bwanji dzinalo, iwe?"

"Inu mumaonera kutsogolo, achimwene, komwe amabisa nkhope. Ine ndimakhala kuseri. Bokosi lija lili ndi timabowo kumbuyo. Anthu onse a m'kanema amapumira kumeneko, zinsalu atavula."

Dyeratu anafunsa kuti nanga bwanji iye sanamuone Chizimayo. Nalimata anati iye amaona ali chadodolido pakhoma, nkhope zonse zimaoneka ngati maungu. Pamafunika maso a mphaka, oboola mdima.

Basi, Dyeratu nyang'anyang'a m'mbali mwa khoma, jowu patebulo, n'kudzipanikiza pakati pa TV ndi khoma. Mimba inakana, iye anaikakamiza. Tebulo linalira kwii. M'kanemamo Chizima anali ataima padenga la nyumba yosanja, mzinda wonse ukumuyang'ana.

Mphaka anasuzumira m'timabowo. Fumbi, mawaya, kangaude wakufa.

"Mulibe munthu muno."

Nalimata anaona ndevu za mphaka zikukhudza pansi pa mazira ake. Anati kuwala kochokera kutsogolo ndiko kukuwaphimba maso achimwene. Pa msomali panali jumbo lakuda limene a Mangulenje ankaphimbira makina awo kuopa fumbi, ndipo linali ndi kabowo pakona. Alowetse mutu m'menemo, aonere pakabowopo.

Dyeratu analowetsa mutu. Chogwirira cha jumbo chinamukola m'khosi. Anasuzumiranso. Fumbi lomwe lija, kangaude yemwe uja. M'kanemamo dzanja la Chizima linali litagwira m'mphepete mwa chinsalu.

Mphaka anatembenuza mutu pang'onopang'ono. Diso limodzi pakabowo linadutsa Nalimata, n'kukaima pa tinthu tiwiri toyera pakhoma.

"Wandinamiza," anatero chapansipansi. "Ndiyambira awa."

Nalimata analumphira pa waya wa pulagi, n'kudula mchira wake thyo, kuusiya pomwepo ukuvina, iye thubwi pansi. Mphaka ndi mphaka basi, chovina sachilekerera. Zikhadabo zonse pa waya, khwaa!

Phuu, mdima.

Anthu anabuula ngati pamaliro. A Mangulenje anayatsa tochi ya foni n'kuunika kutsogolo. Pamwamba pa TV panatulukira chinthu chovala chakuda kumutu, chikupalasa khoma kufuna kukwera.

Mayi wina wa pabenchi lakutsogolo ananena mosakweza mawu n'komwe: "Watuluka m'kanema."

Amayo ine, chipwirikiti chake! Ena pakhomo, ena pansi pa mabenchi, olimba mtima kuponya masilipasi ndi zitsononkho. TV inapendama, inapendama, kenako phwaa pansi, makina oseweretsa kanema n'kuwaphwanyira pomwepo. Dyeratu anakweradi khoma tsiku limenelo, koyamba chibadwire, n'kuboola pulasitiki ya pazenera. Msika wonse unamuona akudutsa, jumbo lili pepepe kumutu, agalu pambuyo. Sanabwererenso.

Nalimata anakwera khoma lake wopanda mchira. Mazira onse awiri anali pomwepo.

Nkhope ya Chizima palibe anaiona mpaka lero. Khoswe akadali pa kondakitala. Mphemvu anasiya za zitumbuwa, tsopano amati anali Dyeratu kuyambira pachiyambi: chakuda kumutu, kuthimitsa magetsi, kuyenda pakhoma, mukufunanso umboni wanji? Nalimata sakangana nawo. Amangotembenuka, n'kuonetsa ana ake awiri mchira watsopano.

Ndiye inu okonda kudziwiratu mathero anzanu asanaone, samalani amene akukulozerani kuseri. Kumakhala fumbi ndi mawaya basi.

Nthano yathima pomwepa, kaphuleni mbatata zanu zisanapserere. Zonsezi n'zoona monga ndinalumbirira, kupatula za amalume a Sitolo zija. Sanamwalire ayi, ali ku Balaka akuweta nkhumba.