Njerwa 10,007 za Gwedeza

Kudera kwina kunali Gwedeza, woumba njerwa m'dambo la a Chimphonda. Uvuni utangozizira, eni dambo aja anatulukira.

"Dothili ndi langa. Tigawana!"

Gwedeza anali atawerenga njerwa 10,008. Anakankhira imodzi m'dzenje ndi chidendene, n'kuwomba m'manja mwaulemu.

"Gawani nokha, bwana. Milu ikhale yofanana, osaswa njerwa, osasiya ngakhale imodzi. Mulu umodzi mutenge."

A Chimphonda analumbira pamaso pa anthu, mtima uli dyokodyoko poganiza theka.

Anaunjika milu iwiri, njerwa imodzi inatsala. Milu itatu, zinatsala ziwiri. Isanu ndi iwiri, zinatsala zinayi. Tsiku lachinayi, thukuta lili kamukamu, anaitanitsa aphunzitsi a masamu.

Aphunzitsiwo anadinadina foni, kenaka anayamba kuseka chikhakhali.

"Bambo, 10,007 sigawika mwanjira iliyonse! Kuti milu ifanane, mulu uliwonse ukhale wa njerwa imodzi basi."

Anthu anafa nalo phwete. Gwedeza anasankha njerwa yopsa bwino, anaipukuta ndi malaya, n'kugwada.

"Mulu wanu uwu, bwana. Ndikuitanireni ngolo?"