Nguluwe Apaka Laimu pa Mapepala a Malemu

Bambo, tinakuikani, ndipo lero tasesa. Ana ali pano, akulu ali pano, ndikunena amene anabwerawo. Nthano iyi mumvere muli komweko. Ana inu, sunthirani kuno, utsi ukupita uko.

Kalekale, nyama zikadamanga nyumba za zidina, panali Nalimata, bambo ake ndi mayi ake. Nyumba yawo inali yaing'ono koma yosadontha. M'kati, khoma lonse linali mapepala. Chaka chilichonse mvula isanagwe, bambo aja ankaphika phala la ufa wa chinangwa, n'kumatira nalo mapepala atsopano pamwamba pa akale. Manyuzipepala, matumba a simenti, chilichonse chimene mphepo yabweretsa. Pepala pamwamba pa pepala, pepala pamwamba pa pepala, mpaka khoma linanenepa.

Bambo aja anadwala, namwalira. Nalimata anathamangira kwa Nguluwe kukapempha nsalu ya nsanda. Nguluweyu ankadzitcha mlamu wa malemu, ngakhale panalibe wodziwa kumene chilamucho chinadzera. Anamupeza m'munda wa chinangwa wa eni ake, mphuno ili m'dothi. Osadzutsa mutu, Nguluwe anati nsalu alibe, mwendo ukumupweteka, ku maliro safika. Malemu anawakulunga mu mphasa yawo yogonera. Amene anabwera ku maliro ndi achule, abuluzi ndi nyerere. Nyerere ndizo zinakumba manda.

Atangosesa, mwendo wa Nguluwe unapola. Anafika m'mawa, di, di, di, nalowa osanena odi.

"Za m'nyumba muno ndi zanga," anatero. "Mlamu anandiuza tili awiri."

Nguluwe anakankhira mayi a Nalimata ku khitchini ndi kamphika kawo. Nkhani yake inali iyi: Nguluwe anatopa ndi chikamwini kwa a Njiri, apongozi ake, ndipo ankafuna chitengwa. A Njiri anati ayambe aona nyumba imene mwana wawo akakhalemo. Akadzaikonda, Nalimata ndi mayi ake akafune kwina. Apo n'kuti mitambo itayamba kale kuda.

Nguluwe anabweretsa laimu wa m'kathumba, ndowa ndi burashi. Anauza Nalimata kuti popeza amayenda pakhoma osagwa, apake nyumba yonse iyere apongozi asanafike.

Nalimata anayang'ana khoma, nayang'ana mimba ya Nguluwe. Ankadziwa kuti waumbombo ukamupempha chinthu, chinthucho chimasanduka chuma.

"Malume," anatero mwaulemu, "laimu sapaka pa pepala. Timayamba tanyowetsa, timatule, tipale phala lakale, titseke ming'alu, khoma liume, ndiye tipake. Mapepala tikamatulawo mundipatse ine, ndizikumbukira bambo."

Makutu a Nguluwe anaima.

"Ndikupatse? Ndiye ntchito yonse wafotokozayi ndi ya kuba mapepala anga? Pepala lisachoke ngakhale limodzi. Paka pamwamba pomwepo."

Nalimata anati chabwino. Anaonjeza kuti laimuyo wachepa, koma ukathira madzi ambiri amafika patali, ndipo wotsala munthu amasunga. Izi Nguluwe anazikonda kwambiri. Anakatunga madziwo yekha, ndi mwendo womwe uja.

Nalimata anapaka. Pwa, pwa, pwa. Laimu wamadzi analowa m'mapepala, zilembo za m'nyuzipepala zikuonekera ndithu. Nguluwe anafunsa kuti timizere takudato tikutani. Nalimata anati ndi zimene ankanena zija, ndipo akadali okonzeka kumatula.

"Paka pamwamba pomwepo."

Anapakanso. Pwa, pwa, pwa. M'mawa mwake khoma linali litatuluka matuza, ena ngati nthudza, ena ngati maungu. M'ngodya pepala linayamba kupinda milomo. Nguluwe anakanikiza thuza limodzi ndi mphuno, linasamukira pena. Anati palibe kanthu, apongozi amayang'ana kuyera, sayang'ana kusalala. Nalimata anachenjeza kuti fumbi likalowa lidetsa ntchito, choncho Nguluwe anatseka chitseko ndi mazenera omwe, kuti gwa. Khoma silinaone mphepo. Linangokhala chinyowere, phala la zaka zonse zija likufewa pansi.

Mayi ake anaitanira Nalimata kuseri. Anamufunsa ngati bambo ake anamuphunzitsa ntchito yotere.

"Ayi, mayi. Koma anandiphunzitsa kuti phala la chinangwa likanyowa limakumbuka kwawo."

Tsiku la alendo Nalimata anapakanso komaliza m'mawa, madzi ochuluka kuposa kale. A Njiri anafika dzuwa lili pamutu, mwamuna ndi mkazi ndi ankhoswe awo. Nguluwe anatsegula chitseko, nawalowetsa, nawayalira mphasa yobwereka. Khoma lili mbee. A Njiri anagwedeza mutu, nati nyumba ndi imeneyi. Mayi a Nalimata, ali pakhomo la khitchini, anayamba kumanga katundu m'chitenje.

Koma m'nyumbamo munali fungo. Fungo la chinangwa chovuula kumene m'madzi, lija limakudzutsa njala ngakhale wadya. Mphuno ya Nguluwe inayamba kugwedera yokha. Ankhoswe akulankhula za mwambo wa chitengwa, iye ankangoti inde, inde, uku akusuntha ndi matako kulowera kungodya. Nalimata ali padenga, maso tong'o.

Nguluwe anati angonyambita pang'ono pamene pepala lapinda, apongozi akuyang'ana kumbali. Ananyambita. Phala linali lokoma. Ananyambitanso, laimu anamuotcha lilime, koma phala linali lokoma ndithu. Analuma ngodya ija, nakoka.

Mapepala a zaka zonse anali atagwirana ngati chikopa chimodzi. Khoma lonse linavula kuchokera kudenga, pwaa, n'kumugwera thapsa! Linamukulunga mutu, msana ndi miyendo yomwe. Anayesa kukuwa, m'kamwa muli pepala. Anazungulira, nagunda apongozi aakazi, nagunda ankhoswe, napeza khomo mwangozi.

Kunja amayi a m'mudzi anali pamtondo. Anaona chinthu choyera mbuu chikutuluka m'nyumba ya malemu masanasana, chopanda maso, chikubuula. Chule ndiye anayamba kulankhula, ndipo analankhula modekha.

"Malemu abwera kudzafuna nsanda yawo."

A Njiri atamva zimenezo anakankha zenera n'kutulukira pomwepo, michira ili m'mwamba, ndipo mpaka lero akamathamanga saitsitsa. Amayi sanathawe. Anati wakufa akabwerera amafunika kumuonetsa njira, natenga minsi. Phu pamsana, phu pamatako. Chinthu chija chinaliyatsa liwiro, chikuphwanya mipanda, mpaka chinakagwera mumtsinje, khuvu.

Nalimata anatsatira pang'onopang'ono. Anapeza Nguluwe ali m'matope, lilime lili panja, zilembo za nyuzipepala zitadinda pamphumi.

"Malume, mwaiwala katundu wanu. Makoma ena aja akadali ndi mapepala. Ndipake pamwamba pomwepo?"

Nguluwe anati si pepala limene linamugwira, anamva zala za mlamu pakhosi, zozizira. Anati nyumbayo saifuna, mapepala sawafuna, ndowa ndi burashi atenge, ndipo dzina lake lisadzatchulidwenso pakhomopo. Anadzipaka matope, nasamba, nadzikhula pamtengo, koma laimu wa pamsana sanachoke. Mukadzaona nguluwe, muyang'ane mzere woyera umene uli pamsana pake. Ndi nsanda ija anakana kupereka. N'chifukwa chakenso sayenda poyera dzuwa likuwala, amaopa minsi.

Nalimata anabwerera kwawo, nauza mayi ake kuti amasule chitenje. Anatsegula mazenera. Anamatula mapepala otsala, napala phala, napeza ming'alu imene bambo ake ankaibisa chaka ndi chaka, naitseka ndi dothi. Khoma litauma anapaka laimu wotsala uja, amene Nguluwe ankasunga. Mvula inagwa iwo ali m'kati. Ndipo mpaka pano nalimata sachoka pakhoma, amalondera nyumba ya bambo ake, kuti wina asadzabwere ndi chilamu chosadziwika mutu wake.

Nthano yanga yapsa, ndaiphula, wofuna ina akasonkhe moto wake. Ana inu, chonyowa sachibisa ndi choyera. Chimadikira alendo afike.

Bambo, mwamva. Maliro n'kulirana, munkatero inu. A Lufeyo, ang'ono anu, sanabwere, akuti mwendo. A Esinala a ku Lunzu sanabwere. A Wedisoni, amene munawafolerera nyumba ndi manja anu, sanabwere, ngakhale nkhuku sanatumize. A Lufeyo atumiza mawu kuti afika Loweruka kudzaona nyumba yanu. Mapepala anu sindinamatule. Ndowa ndatsuka kale.